Nkhono Zimene Ndinasinjira Nkhuku

Amuna anga anagwira ntchito ya nkhono moyo wawo wonse. Ndikanena choncho ena amaseka, ena amandiyang'ana cham'mbali ngati ndanena za zitsamba. Ayi. Anali wothandizira mu labotale ina kuno ku Lilongwe, kumene madokotala ankafufuza za likodzo. Matendawa amadzera mu nkhono zam'madzi, ndiye pankafunika munthu wolowa m'madambo ndi majombo, kutola nkhonozo, kuzitsuka, kuzisanja ndi kulemba kumene wazipeza. Munthu wake anali iwowo. Sukulu analekezera Fomu 2, koma nkhono ankazidziwa kuposa ena obwera ndi madigiri. Pamapepala amene madokotalawo ankatulutsa, dzina la amuna anga silinkaoneka. Iwo ankati zilibe kanthu, koma ine mkazi wawo ndinkadziwa kuti zinali ndi kanthu.

Zikanathera kuntchito konko sindikanadandaula. Vuto linali lakuti anali ndi nkhono zawozawo kunyumba, ndipo nyumba yathu ya ku Area 4 ndi ya zipinda ziwiri basi. Loweruka anzawo akupita kumpira, iwo ankakwera njinga kupita kumadambo a m'mbali mwa Lingadzi ndi kwina kumene nthawi imeneyo kunali tchire lokhalokha. Akabwera ankawiritsa nkhonozo m'chitini panja, n'kuchotsa nyama yake ndi pini, n'kuyanika zigobazo pa saka. Fungo lake, abale, musalimve. Zikauma ankalemba kapepala ndi pensulo, chifukwa ankati inki imafufutika: dambo lakuti, tsiku lakuti, m'madzi kapena pamtunda. Kenako thonje pansi pa chitini cha mkaka, zigoba pamwamba, kapepala mkati, n'kumata chivindikiro ndi phula la kandulo kuti nyerere ndi chinyontho zisalowe. Akamata, kwatha, sankatsegulanso. Kunja kwa chitini ankangokanda nambala yaing'ono pansi pake ndi msomali, ndipo nambalayo ankailembanso m'kope lawo.

Zitinizo zinali pansi pa bedi, pamwamba pa kabati, kuseri kwa chitseko. Ndikafuna sutikesi ndinkayamba ndasuntha nkhono. Ine pakamwa sindichedwa, ndiye ndinkawafunsa kuti kodi ndinakwatiwa ndi munthu kapena ndi dambo. Iwo ankangoseka n'kunena kuti mzindawu ukudya madambo, anthu akuthira dothi n'kumanga nyumba, ndipo tsiku lina padzabwera wina wofuna kudziwa kuti m'madzi amenewo munkakhala chiyani. Ankati tsiku limenelo yankho lidzapezeka pansi pa bedi lathu. Pawindo ankasungapo timapale ta miphika yakalekale timene anatola pamene ankakumba maziko a nyumba ina, ndi dzino la nsomba ya m'nyanja yamchere yotchedwa shaki, limene linasanduka mwala, mphatso ya mzungu wina amene anagwira naye ntchito. Limeneli ndiye linkandipsetsa mtima kwambiri. Dzino la nsomba imene sitinaidyepo, ine ndizilipukuta fumbi!

Ine ndinali ndi ntchito yanga. Ndinkaweta nkhuku zoikira mazira kuseri kwa nyumba, ndipo kawiri pa sabata ndinkakwera minibasi ndi mathireyi pamiyendo kupita ku City Centre, kumene amayi a m'maofesi ankandidikira. Aliyense woweta nkhuku amadziwa kuti ikasowa zolimbitsa chigoba, imaikira mazira ofewa, ongoti kukhudza phwa. Mankhwala ake ndi zigoba za nkhono zosinja, kusakaniza ndi chakudya. Apa ndiye ukwati wathu unkagwirizana bwino. Amuna anga anali ndi thumba la zimene ankati zotaya, zigoba zosweka ndi zimene sankadziwa bwino kochokera, ndipo thumba limenelo linali langa. Ndinkasinja mumtondo, nkhuku zanga n'kumaikira mazira olimba oti ena ankandifunsa chinsinsi. Lamulo linali limodzi: thumba ndi langa, zitini ndi zawo.

Chaka china m'chilimwe anatengedwa ndi anthu ofukula mafupa a nyama zakalekale ku Karonga. Ankafuna munthu wa manja odekha, wodziwa kusanja tinthu ting'onoting'ono ndi kulemba mosasokoneza. Anapita akusangalala ngati mwana, ndipo anati adzabwera mvula ikayamba. Patangotha milungu itatu thumba lija linatha. Kunali kutentha koopsa, nkhono osaoneka paliponse. Ndinafunsa m'mashopu a chakudya cha ziweto mu Tauni, anati zosakaniza zake zatha, ndibwerenso. Ndinabwereranso kawiri, yankho lomwelo. Nkhuku zinayamba kuikira mazira ofewa, zina n'kumawajompha zokha.

Tsiku lina mayi wina wa ku ofesi, amene anali kasitomala wanga wakalekale, anandionetsa chikwama chake pamaso pa anzake. Mazira anali atasweka momwemo, mapepala ake onse ali noninoni. Sanakalipe, anangoti mwina ndipume kaye mpaka nkhuku zanga zitachira. Bola akanakalipa. Mu minibasi pobwerera manyazi anasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo unagwera munthu amene anali kutali ku Karonga, akupukuta mafupa a nyama zimene zinafa kalekale pamene zanga zamoyo zikuvutika kuno. Ndinalowa m'nyumba, ndinagwada, ndinakoka chitini chimodzi pansi pa bedi.

Sindinganame kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa bwinobwino. Ndinangodziuza kuti chitini chimodzi pa zitini zambirimbiri si nkhani, ndiponso nkhono ndi nkhono. Ndinachotsa phula ndi mpeni, ndinaika kapepala pambali osakawerenga n'komwe, ndinakhuthulira mumtondo. Sizinachedwe kunyenyeka. Patapita masiku ochepa mazira anayamba kulimba, ndipo chitini chachiwiri sichinandivute kutsegula ngati choyamba. Kenako ndinaganiza zochenjera: m'malo momaliza chitini chonse, ndizitapa theka apa, theka apo. Pofuna kuti zisaoneke zoperewera, ndinkatapa m'chitini chodzaza n'kuthira m'choperewera, monga mmene timachitira ndi shuga alendo akamabwera. Ndinkatenga pansi pa bedi, tsiku lina pakabati, kuti pasaoneke mpata. Zingati, sindinawerenge.

Mvula yoyamba itagwa, nkhono zinatuluka mbwee pabwalo, m'dimba la aneba ndi mu ngalande ya kuseri kwathu. Amuna anga anatumiza uthenga kuti atsala ndi milungu iwiri. Apa m'pamene ndinachita chinthu chimene chimandiwawa kuposa kusinja kuja. Ndinatola nkhonozo, zapamtunda ndi zamungalande, ndikusankha za msinkhu wofanana ndi zimene ndinasinja. Ndinawiritsa, ndinachotsa nyama ndi pini, ndinayanika pa saka, ndinadzaza zitini, ndinabwezera timapepala, ndinamata ndi kandulo. Zaka zonse zija ndikunyoza, maso anga anali akuphunzira, ndipo ntchito inatuluka yaukhondo ngati yawo. Timapepala tina ndinali nditatiunjika pamodzi mu kapu, ndiye pobwezera ndinangoponya kalikonse m'chitini chilichonse.

Anabwera atada ndi dzuwa, ataonda, nkhani zili m'kamwa tho. Anasuzumira pansi pa bedi, anagogoda chitini chimodzi ndi chala, anati zonse zili bwino. Ndinawaphikira nkhuku tsiku limenelo.

Zinatha zaka ziwiri. Ine ndinafika poiwala, kapena ndinene kuti ndinkakumbukira pokolopa pokha. Kenako tsiku lina anabwera kuchokera kuntchito akupuma mothamanga. Anati kwabwera dokotala wa nkhono, mwana wa konkuno amene anaphunzira kunja, ndipo akulemba buku la nkhono za m'madambo a chigawo chapakati. Atamva za zitini zawo sanakhulupirire, chifukwa madambo ambiri amene amuna anga anatolako tsopano ndi mipanda ya njerwa ndi mageti. Anawauza kuti ngati zolemba zawo zili zolongosoka, dzina lawo lidzakhala pachikuto limodzi ndi lake. Amuna anga anandiuza zimenezi katatu tsiku lomwelo. Anakasititsa jekete lawo la kutchalitchi.

Ndinali ndi masiku asanu oti ndinene. Tsiku lililonse ndinkati ndinena akadya, akadya ndinkati ndinena mawa. Ndinadzinyenganso kuti mwina dokotalayo angoyang'ana pamwamba. Loweruka tinapakira zitini m'galimoto ya aneba kupita ku Area 11, kumene dokotala uja ankakhala m'nyumba ya abale ake. Mlonda anatitsegulira geti, wam'dimba anasiya payipi n'kutithandiza kutsitsa. Dokotalayo anali mtsikana ndithu, wa msinkhu wa mwana wathu woyamba, waulemu wake. Anawapatsa moni amuna anga ndi manja awiri, n'kuyala nsalu yoyera patebulo la pakhonde. Ine anandipatsa mpando ndi tiyi, ndipo tiyiyo anazizira m'manja mwanga.

Amuna anga anafotokoza monyadira kuti zitinizo sizinatsegulidwepo chizimatireni. Choyamba chinali bwino. Dokotalayo anayang'ana ndi galasi lake lokuzira zinthu, anawerenga kapepala, anayerekeza ndi kope, anagwedeza mutu mosangalala. Chachiwiri chimodzimodzi, mpaka anati mtundu umenewo anali asanauonepo kuno. Pachachitatu anayang'ana chigoba, anayang'ananso kapepala. Kenako ananena mofatsa kwambiri.

"Abambo, kapepala kakuti munazitola m'madzi. Koma izi ndi za pamtunda, zija timaziona m'madimba."

Amuna anga anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Anatenga chigoba chimodzi n'kuchitembenuza. Sanafunike kuuzidwa kawiri, anachizindikira okha. Anati mwina chitini chimenecho chokha. Anatsegula china, munali mitundu iwiri yosakanikirana imene iwo eni anati singakhale dambo limodzi. China, kapepala ka mkati kankanena dambo lina, kope likunena lina. Apa iwo analeka, moti dokotalayo ndi amene anapitiriza kudula phula. Zambiri zinkaoneka zabwinobwino, koma pofika masana panali zisanu ndi chimodzi zoika pambali.

Mayiyo sanawanyoze ngakhale pang'ono. Anafotokoza kuti vuto si zisanu ndi chimodzizo ayi. Vuto ndi lakuti ngati izi zinasokonekera popanda wodziwa mmene zinasokonekera, ndiye kuti zooneka bwinozo sangazikhulupirirenso, chifukwa nkhono za mtundu umodzi zochokera madambo awiri zikasakanikirana, palibe diso lingazilekanitse. Anati chigoba chopanda kwawo kotsimikizika sichinganene kanthu m'buku. Anafunsa ngati tinasamukapo nyumba, kapena ngati ana ankaseweretsa. Pofunsa anayang'ananso ine. Ine ndinayang'ana m'kapu. Amuna anga ndi amene anayankha, anati m'nyumba mwawo palibe amene amagwira zitini zawo, mkazi wawo amadana nazo koma sanazikhudzepo, ndiye wolakwa ndi iwowo basi.

Anandiikira kumbuyo pamaso pa mlendo, ine ndili pompo, pakamwa panga potchuka paja patatsekeka. Dokotalayo anajambula zithunzi zingapo mwaulemu chabe, anati akapeza njira adzatiuza. Tonse tinamva kuti nkhani yatha. Pobwerera amuna anga anakhala kumbuyo kwa galimoto ndi zitini zawo, jekete lili pamiyendo.

Ndinkaganiza kuti akwiya masiku angapo kenako ziwatha. Sanakwiye, ndipo sizinawathe. Analeka kupita kumadambo, njinga inachita dzimbiri. Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti analeka kudzikhulupirira pa chilichonse. Munthu amene ankakumbukira dambo ndi tsiku la zaka makumi awiri zapitazo anayamba kundifunsa ngati watseka chitseko, ngati wamwa kale mankhwala, ngati lero ndi Lachitatu ndithu. Kuntchito anapempha kuti wina aziona zimene alemba asanazipereke, ndipo nthawi yopuma pantchito itakwana sanapemphe zaka zoonjezera ngakhale ankawafunabe. Ankakonda kunena kuti mutu wawo unayamba kalekale kutha iwo osadziwa, ndipo mwina ngakhale zimene ankalembera madokotala zija zinali zolakwika. Ine ndinkawakalipira kuti asiye kudzinenera zoipa, mutu wawo uli bwinobwino. Ankandithokoza chifukwa chowalimbitsa mtima. Zaka zinayi, abale, ndikulandira zikomo ameneyo.

Chifukwa chiyani sindinanene? Poyamba ndinkaopa kukalipiridwa. Kenako ndinkaopa kuti afunsa chifukwa chimene ndinakhalira chete ku Area 11. Kenako chaka chilichonse chinkaonjezera funso lina, ndipo mulu wake unafika posanyamulika. Ndinkawaphikira zimene amakonda, ndinaleka kudandaula za malo m'nyumba, ndinkapukuta zitini zija Loweruka lililonse. Iwo ankaona ngati ndi chifundo cha mkazi wabwino.

Chilimwe chathachi, Lamulungu lina titabwera kutchalitchi, anandipeza kukhola ndikuyang'ana dzira lofewa m'manja. Anaima pakhomo la khola, anati iwo aganiza bwino. Anati zitini zija zangodzaza nyumba pachabe, ndizitenge zonse ndisinjire nkhuku, bola zigwire ntchito ina. Ananena mosavutika, ngati akundipatsa malaya akale oti ndikolopere. Apa ndiye zinandikanika. Ndinaika dzira pansi, ndinawauza zonse nditaimirira pomwepo, nkhuku zikundizungulira: thumba lotha, chikwama cha mayi uja, mtondo, kutapa uku n'kuthira uko, nkhono za mungalande, kandulo. Ndinalira, ndipo sindine munthu wolira.

Ndinkayembekezera kuti andithamangitsa, kapena anditukwana koyamba m'banja lathu. Koma anangofunsa ngati ndikutanthauza kuti iwo sanasokoneze. Ndinati sanasokoneze ngakhale chimodzi. Anabwereza funsolo, ndinabwereza yankho. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, osati ndi mkwiyo, koma ngati munthu amene wauzidwa kuchipatala kuti matenda aja palibe. Anatembenuka n'kulowa m'nyumba mofulumira kuposa mmene ndinawaonera akuyenda zaka zonsezi.

Nditatuluka m'khola ndinapeza akutulutsa zitini pakhonde, akuzindandalika motsatira manambala. Anatenga kope lawo, anasongola pensulo ndi lezala, anavala magalasi. Anati dokotala uja ananena kuti vuto linali kusadziwa mmene zinasokonekera, ndiye tsopano tadziwa. Anati buku lake mwina linatuluka kale, koma akhoza kumulembera kalata, zotsalazo zikadali ndi ntchito. Mawu awo anali a munthu wakale uja.

"Amayi, zakale zija tidzakamba tsiku lina. Panopa ndionetseni zimene munagwira. Zimenezo tiziika uko, zotsalazo ndi zabwino."

Ndinayang'ana mzerewo. Zitini za mkaka, zonse zofanana, zina za dzimbiri pang'ono, zina zopindika pakamwa. Zimene zinatsegulidwa ku Area 11 anali atazimatanso okha, ndiye phula linali lofanana paliponse. Manambala a pansi sindinawayang'anepo nthawi ija, timapepala sindinawerenge ngakhale kamodzi. Sindinkadziwa ngati zinali khumi kapena makumi awiri. Ndinanyamula chimodzi, ndinachigwedeza pafupi ndi khutu ngati chindiuza, ndinachibwezera.

Maganizo anandibwerera oti ndingoloza. Ndikanaloza khumi zilizonse, iwo akanalemba, akanagona mokondwa, kalata ikanapita. Chala chinafika ponyamuka. Koma ndinaona kuti kumeneko n'kudzazanso zitini ndi nkhono za mungalande, ndipo ulendo uno bodzalo likanalowa m'kope ndi dzanja lawo lomwe.

"Sindikukumbukira, abambo," ndinatero. "Ngakhale chimodzi."

Anati ndiganize bwino, palibe chothamangira. Anafunsa ngati ndinayambira kumutu kwa bedi kapena kumiyendo, ngati za pakabati ndinafikako, ngati za kuseri kwa chitseko zinapulumuka. Ndinati ndinkatenga paliponse dala, kuti asazindikire. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati akuvomereza kuti ntchitoyo ndinaigwira mosamala.

Anakhala pampando pensulo ili m'manja, tsamba lili loyera, mpaka mthunzi unachoka pakhonde. Kenako anatseka kope n'kuyamba kubweza zitini m'nyumba, chimodzichimodzi. Nditawerama kuti ndinyamuleko, anandiuza mofatsa kuti ndisiye, anyamula okha.